"Ndi i7, amalume"

Mphwanga wina wa kuno ku Kaning'ina anagula kamera ya Canon yakaunjika, ndiye pano sapezeka pakhomo. Loweruka ali ku ukwati ku Chibavi, Lamlungu ku chinkhoswe ku Mchengautuwa, ndipo ophunzira a Mzuzu University akamalandira madigiri ku Luwinga amalawira mbandakucha. Sabata yatha anabwera ndi nkhani ya laputopu yokonzera zithunzi, ati waipeza kale m'tauni, changotsala n'chakuti ine ndiwonjezerepo kangachepe. Ndinamufunsa kuti ndi yotani. "Ndi i7, amalume." Nanga sikirini yake? "Ndi i7, amalume." Batire? Anandiyang'ana mondimvera chisoni.

Kasitika ka i7 kameneka katipusitsa ambiri. Kampani ya Intel inayamba kugulitsa ma Core i7 m'chaka cha 2008, ndipo kuchokera pamenepo yatulutsa mibadwo yambirimbiri, yonse dzina lake limodzimodzi. M'badwo umadziwika ndi nambala yotsatira dzinalo. Ikakhala i7-3520M, imeneyo ndi ya 2012, ndipo i5-8250U ya 2017 imaisiya kutali. Komatu ogulitsa satchula nambalayo, amangokuloza kasitikako nkumati, "Ex-UK iyi bwana, yoyera." Zambiri mwa zoyerazo ndi zimene maofesi a kunja anazipumitsa ntchito. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 simalola makina a Intel osafika m'badwo wachisanu ndi chitatu. Mukuganiza kuti otsalawo akupita kuti? Akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mikuyu ya mtundu umenewu yadzaza m'mashopu.

Koma chimene chimandiwawa ine ndi sikirini, chifukwa wojambula amakonza chimene akuchiona. Ma laputopu otchipa ambiri ali ndi sikirini ya mtundu wa TN. Mukaiweramitsa pang'ono, nkhope ya munthu imada, mukaikweza, imatuwa. Ndiye nkhope yeniyeni ndi iti? Sikirini ya IPS siichita zimenezo, mitundu imakhala yomweyo ngakhale muyang'anire chammbali. Palinso muyezo wa mitundu wotchedwa sRGB, umene HP ndi Microsoft anakhazikitsa mu 1996, ndipo ndi umene intaneti ndi makina ambiri otsukira zithunzi amatsata. Sikirini yolembedwa kuti 45% NTSC imangokwanitsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mitundu ya sRGB. Wojambula akaona chitenje cha ankhoswe chikuoneka chofwifwa, amawonjezera mtundu, pamene chofwifwa ndi sikirini yakeyo. Chithunzicho chikafika pa foni ya eni ake, chitenje chija chikuyaka moto ndipo mkwati wasanduka wachikasu. Funani yolembedwa 100% sRGB kapena 72% NTSC, ndipo ikhale 1920 x 1080, osati 1366 x 768 imene simuonera n'komwe ngati maso a mkwatibwi anagwidwa bwino.

Ndisanamizire makina zonse. Zina n'zadala, ndipo apa ndiye pali dandaulo langa lakalekale. Mwaonapo kadi ya ukwati ya mwana amene munamuona akukwawa, inu nkumafunsa kuti kodi mnyamatayu wasintha mkazi? Mtsikana wakuda bwino, wa ku Ekwendeni konkuno, pakadipo wayera mbee, khungu lasalala mpaka mphuno yasowa. Ojambula amati makasitomala ndiwo amafuna. Makasitomala amati wojambula akapanda kuyeretsa ndiye kuti sadziwa ntchito. Onsewo ndimawakwiyira mofanana.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nkhondo yoti khungu lakuda lizioneka bwino pa chithunzi inatenga zaka. Kuyambira m'ma 1950, Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi kadi yoyezera mitundu, imene anthu amaitcha Shirley, ndipo pakadipo panali mayi wachizungu. Makina ankachunidwa potengera khungu lakelo. N'chifukwa chake pa zithunzi zambiri zakale za makolo athu mumangoona mano ndi maso. Ofufuza mbiri imeneyi amati amene anadandaula mpaka kumveka anali opanga chokoleti ndi mipando yamatabwa, poti katundu wawo wakuda sankaoneka bwino m'zithunzi zotsatsira malonda. Chokoleti chinayamba kumvedwa, ife pambuyo. Kadi yokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana inadzabwera m'ma 1990. Lero kamera iliyonse imatha kugwira khungu lathu mmene Namalenga analipangira, ndiye ife eni ake tikumakhala usiku wonse pa laputopu kulifufuta.

Bola ojambula akale aja oyenda panjinga kamera ili m'khosi. Unkavala malaya a Khirisimasi, kugwira wailesi ya eni ake, kudikira masabata, mwina nkuuzidwa kuti filimu inapsa. Koma chithunzi chikatuluka, agogo ankakuzindikira.

Tibwerere ku laputopu: zotsalazo n'zosavuta. RAM ikhale 16GB. Ya 8GB imayenda, koma mukatsegula Lightroom ndi Photoshop nthawi imodzi mudzayamba kuilankhula mawu oipa. Posungira pakhale SSD, osati hadi disiki yozungulira ija. Ndipo muwerengetsere: chithunzi chimodzi cha RAW cha kamera ya 24 megapixel chimadya pafupifupi 25MB, kutanthauza kuti ukwati wa zithunzi 1,000 ndi 25GB. SSD ya 256GB singakupirireni nyengo yonse ya maukwati. Gulani disiki ina yapadera ndipo zithunzi zizikhala malo awiri, chifukwa ukwati saubwereza, ndipo apongozi a mwini wake sadzamva zoti kompyuta inafa.

Batire musaipeputse. Tonse tikukumbukira zimene zinachitika namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022: dziko linataya pafupifupi 130MW ndipo tinakhala mumdima kupitirira chaka. Anyamata amakonda ma laputopu akuluakulu amasewera, owala mitundumitundu pa kiyibodi, koma amenewo magetsi akangothima nawonso sachedwa kutsatira. Ndipo kuno kwathu, kumene nkhungu imatsika m'mapiri a Kaning'ina nkulowa mpaka kuchipinda, chikwama cha kamera musachisiye pansi pakona. Chinyezi chimameretsa nguwi m'kati mwa lenzi, ndipo palibe i7 imene ingachotse zimenezo.

Pali nkhani inanso imene wogulitsa amainong'ona: "Photoshop ndikuikirani ulere." Ulere wake uti? Kuchokera mu 2013 Adobe situlutsanso Photoshop yatsopano yogula kamodzi, mumalipira mwezi ndi mwezi. Kwa Mmalawi amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zikusowa, bilu imeneyo ndi yowawa, ndikuvomera. Koma yaulere ya m'shopuyo ndi yobedwa, ndipo kawirikawiri imabwera ndi mavairasi ake. Pamenepo alipo mapulogalamu aulere enieni: darktable, RawTherapee, GIMP, ndipo amene ali ndi Canon angathe kutenga Digital Photo Professional osalipira kalikonse. Achinyamata safuna kumva zimenezi, ati anzawo awaseka.

Mukamapita kukagula, kaya ndi m'shopu ya m'tauni kaya kwa mnyamata wobwera nazo kuchokera ku Kariakoo kudzera pa Songwe, tengani fulashi yokhala ndi chithunzi chimodzi chimene mukuchidziwa bwino: mkwati wakuda atavala suti yakuda, pambali pake mkwatibwi mu diresi loyera. Chitseguleni pa laputopuyo. Onani ngati kolala ya sutiyo ikusiyana ndi phewa, ngati maluwa osokedwa pa diresi akuoneka kapena angosanduka chigamba choyera. Weramitsani sikiriniyo, ikwezeni, suzumirani chammbali. Zulani chaja muone ngati batire silikutsika muli chiimire. Wogulitsa akayamba kukuuzani kuti mukuchedwetsa makasitomala ena, pamene m'shopumo muli nokha, tulukani mukayese khomo lotsatira.