Burashi Isagone M'madzi

Mukafuna kudziwa ngati munthu amene wangoyamba kujambula ndi utoto wa madzi adzapita patali, musathamangire kuona zithunzi zake. Yambani mwasuzumira m'botolo lake la madzi. Mukapeza burashi itaima chadodolido m'menemo, ubweya uli pansi, mwini wake atapita kukadya, dziwani kuti masiku a burashi imeneyo ndi owerengeka. Ubweya umapindika ndi kulemera kwa chogwirira, ndipo ukapindika suwongokanso bwinobwino. Madzi amakwera n'kulowa m'kachitsulo kamene kamamanga ubweyawo, guluu n'kufewa. Mtengo wa chogwirira umafufuma, penti yake n'kuyamba kusendeka, ndipo tsiku limene udzaume, kachitsulo kaja kamayamba kugwedera. Posakhalitsa ubweya umathothoka umodziumodzi n'kumatsalira pa chithunzi.

Zimandiwawa ndikaona zotere chifukwa kwathu kuno zipangizo za luso limeneli sizipezeka wamba. M'masitolo ambiri ogulitsa makope ndi zolembera mumangopeza timabokosi ta ana asukulu, tokhala ndi timibulu ta utoto touma gwa ndi kaburashi kosagwira n'komwe madzi. Amene ali ndi burashi yeniyeni kawirikawiri anachita kutuma mbale wake wa ku Johannesburg kapena ku London, n'kudikira miyezi. Ndiye chinthu chobwera movutikira chonchi chiwonongeke m'masabata ochepa chifukwa chosachivuula m'madzi?

Kusamala burashi kulibe matsenga. Pamene mukujambula, mukafuna kupuma, itsukuluzeni, ipukuteni pa kansanza, muigoneke pa tebulo. Mukaweruka, ikani madontho a madzi ozizira pa chikhatho pamodzi ndi sopo wosaluma, muzungulitsepo burashiyo pang'onopang'ono. Mudzadabwa kuona thovu likutuluka labuluu kapena lofiira m'burashi imene mumayesa yoyera, chifukwa utoto umabisala m'tsinde mwa ubweya, ndipo ukaumira m'menemo ndi umene umachititsa kuti burashi inyankhalale. Madzi otentha ayi, amasungunula guluu. Mukatsukuluza, songolani nsonga ndi zala ziwiri, muigoneke mpaka iume, kenako ndiye muiimike m'chitini ubweya uli m'mwamba. Ambiri amasongola ndi milomo. Lekani zimenezo. Mitundu ina ya utoto, makamaka yofiira ndi yachikasu ya cadmium ndi yabuluu ya cobalt, ili ndi zitsulo zosayenera kulowa m'thupi, ndipo ana akakuonani mukunyambita nawonso adzanyambita.

Anthu amakonda kutchula maburashi apamwamba a ubweya wa kumchira kwa kolinsky, kanyama ka ku Siberia. Kampani ya Winsor & Newton, imene inayamba ku London mu 1832, inapanga burashi yake yotchuka ya Series 7 mu 1866 pofuna kukwaniritsa pempho la Mfumukazi Victoria, ndipo mpaka lero ikugulitsidwabe pa mtengo woboola m'thumba. Woyamba kumene asavutike nayo mtima. Maburashi a nayiloni a masiku ano amagwira ntchito bwino, amapirira, komanso njenjete siziwadya monga zimadyera ubweya wa nyama. Burashi imodzi yozungulira ya nambala 8 kapena 10 yokhala ndi nsonga yabwino, ndi ina yophwatalala yopakira malo aakulu, n'zokwanira chaka chathunthu. Chofunika n'chakuti ikhale ya utoto wa madzi basi. Ikangolawa penti ya akiriliki, inki kapena guluu wa ana a sukulu, yatha. Sungani burashi yakale yotha ntchito kuti ndiyo izikokota ndi kusakaniza utoto.

Mabotolo a madzi akhale awiri: lina lotsukira burashi, lina la madzi oyera osungunulira utoto. Mwambo wooneka waung'onowu ndi umene umasiyanitsa chithunzi chowala ndi chithunzi chotuwa. Utoto wachikasu suchedwa kudetsedwa. Kadontho ka madzi amene munatsukiramo buluu kamausandutsa wobiriwira musanazindikire. Madzi akayamba kuoneka ngati a m'chithaphwi, tayani. Amene mumamwa madzi a pa mjigo a mchere, monga zimakhalira m'madera ena a m'chigwa cha Shire, mudzaona kuti mitundu ina ikuundana timibulu pa pepala. Madzi a mvula otungidwa m'chiwiya choyera amathetsa vutolo.

Kuti musamale utoto, ndi bwino kudziwa chimene chili m'kati mwake. Muli ufa wa mtundu, ndiye muli utomoni woumata pa pepala wotchedwa gum arabic, umene umachokera ku mitengo ya m'gulu la mthethe, ndipo wambiri pa dziko lonse umachokera ku Sudan. Amawonjezamo glycerine kapena uchi kuti usaume mopitirira. Utomoni umenewu umasungunukanso nthawi iliyonse ukakhudzana ndi madzi, n'chifukwa chake utoto wa madzi sufa ukauma. Wotsalira pa mbale yosakanizira musamautsuke madzulo alionse. Mawa mukadonthezapo madzi udzadzuka. Mbale yoyera yachitsulo, yomwe ija ya m'khitchini, imagwira bwino ntchito imeneyi kuposa tambale tambiri ta pulasitiki timene madzi amangothawathawapo. Timibulu ta m'bokosi tidonthezereni madzi mphindi ziwiri kapena zitatu musanayambe, kuti musachite kutikanda ndi burashi.

Machubu amene timafinya lerowa anayambitsidwa mu 1841 ndi John Goffe Rand, wojambula wa ku America, ndipo vuto lake ndi limodzi kuyambira nthawi imeneyo: chitsekerero. Pukutani kukamwa kwa chubu musanatseke, chifukwa utomoni uja ukaumira m'mazinga chitsekerero chimakana kutseguka. Chikakana musachipotokole ndi pulayala, mungang'ambe chubu; chiviikeni m'madzi ofunda kanthawi. Ndipo chubu chikaumiratu musataye. Ching'ambeni ndi lezala, utoto wa m'katimo muugwiritse ntchito ngati mbulu.

Mabuku ambiri ophunzitsa luso limeneli analembedwa m'mayiko ozizira, choncho sanena za adani amene ife timalimbana nawo. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, bokosi la utoto lotsekedwa likadali lonyowa limamera chuku m'masiku ochepa, makamaka utoto wokhala ndi uchi. Lisiyeni lotsegula usiku wonse pamalo opita mphepo, koma poti nyerere ndi mphemvu sizifikapo, pakuti nazonso zimamva kutsekemera. Chuku chikamera, palani pamwamba pake, mupukute ndi spiriti, muyanike. M'chilimwe mdani ndi fumbi: limatera pa utoto wonyowa, n'kukakhala timadontho pa mitambo imene mwaivutikira. Kansalu koyera kovindikira pamwamba n'kokwanira.

Mitundu musachulutse. Bokosi la mitundu 24 limakopa maso, koma limachedwetsa kuphunzira, chifukwa munthu amangosankha m'malo mosakaniza. Yofiira iwiri, yachikasu iwiri, yabuluu iwiri, ndi umodzi wa dothi, zimakupatsani pafupifupi chilichonse chimene mungaone kuyambira pa khonde mpaka ku phiri. Mukasakaniza mitundu yoposa itatu pamodzi, chimene chimatuluka ndi matope. Phunziraninso kuwerenga timanambala ta pa chubu. PB29 ndi buluu wa ultramarine, kaya kampani yamupatsa dzina lotani, ndipo chubu chimene chalembedwa manambala atatu kapena anayi ndi chosakaniza kale, sichichedwa kuda mukachiphatikiza ndi china.

Si utoto wonse umene umapirira dzuwa. Wofiira wa alizarin crimson ndi wokongola, koma umasuluka, makamaka ukapakidwa mopepuka. Mitundu yochokera m'dothi ndiyo yolimba. Amene anafikako ku mapanga a Chongoni ku Dedza, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, anaona okha zithunzi zofiira za Abatwa zimene zakhala pa thanthwe mibadwomibadwo. Utoto wanu mukhoza kuuyesa nokha. Pakani mizere ya mitundu yonse pa pepala, phimbani theka lake ndi katoni, muliike pa windo lowomba dzuwa miyezi itatu kapena inayi. Mukadzavundukula mudzadziwa mtundu umene simuyenera kugulitsira munthu chithunzi chake.

Ndalama zikachepa, n'kufunika kusankha pakati pa utoto wabwino ndi pepala labwino, ine ndimati gulani pepala. Achinyamata ambiri amene amagwa ulesi n'kumati alibe luso, vuto lawo limakhala pepala. Pepala la fotokope limalemera magalamu 80 pa sikweya mita. Likangolawa madzi limakwinyika, utoto n'kuthamangira m'makwinyamo, ndipo mukabwerezapo burashi limanyenyeka. Pepala la utoto wa madzi limene ambiri amagwiritsa ntchito ndi la magalamu 300. Labwino kwambiri ndi la thonje, monga la Arches la ku France, kumene akhala akupanga mapepala kuyambira 1492. Pepala lotere amalikuta ndi gelatin kuti madzi asalowe msanga, ndipo ndicho chimene chimakupatsani mpata woyendetsa utoto, woufewetsa m'mphepete, ngakhale woupukutako mukalakwitsa.

Kukuta kumeneku n'kosalimba, ndiye kumafuna ulemu. Chala chokhala ndi mafuta odzola chikagunda pakati pa pepala, chidindo chake sichioneka mpaka mutapakapo utoto, pamenepo ndiye chimatulukira poyera, utoto utakana kugwira. Ligwireni m'mphepete. Rabala musafute nayo mwamphamvu. Mapepala asungidwe chogona, m'jumbo ya pulasitiki, pamwamba, kutali ndi simenti ya pansi ndi khoma la chinyezi. Chiswe chikapeza mtokoma wa mapepala a thonje pansi pa bedi sichisiya kanthu. Pojambula, pepala limateni pa thabwa ndi tepi mbali zonse zinayi, ndipo musamatule mpaka litaumiratu.

Komabe pali kusamala kwina kumene kumapha luso. Munthu amalandira mapepala abwino, n'kuwaika m'sutikesi kudikira tsiku limene adzakhale katswiri woyenera kuwakhudza. Zaka zimapita, gelatin uja n'kuwonongeka ndi chinyezi, mapepala n'kuchita madontho achikasu, mwini wake asanajambulepo ngakhale tsamba la mango. Kumeneko ndi kuumira, ndipo kumawononga kuposa kujambula zolakwika. Dulani pepala lalikulu m'tizidutswa tofanana ndi chikhatho, mujambule kutsogolo ndi kuseri komwe. Kachithunzi kakang'ono tsiku lililonse kamaphunzitsa dzanja kuposa chithunzi chachikulu kamodzi pa mwezi. Lembani deti kuseri, ndipo zoipazo musataye. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi ndi zimene zidzakuonetseni pamene mwachokera.

Pa pepalapo, chimene mukuphunzira kwenikweni ndi kuchuluka kwa madzi. Utoto woyamba ukhale wamadzimadzi ngati tiyi, wotsatira ngati thobwa, womaliza wa m'mithunzi ngati phala. Mumayamba ndi zowala n'kumapita ku zakuda, ndipo choyera chanu ndi pepala lenilenilo, choncho ganizirani pasadakhale malo amene simudzapakapo kanthu. Sungunulani utoto wokwanira musanayambe, chifukwa mukaima pakati pa thambo kuti musakanize wina, mzere umaumira pomwepo. Yesani mtundu pa kachidutswa kapadera, podziwa kuti ukauma umawala kuposa mmene ukuonekera uli wonyowa.

Ndiye pali kanthawi kena koopsa kamene woyamba aliyense ayenera kukadziwa ndi maso. Mukangopaka, pepala limanyezimira. Mukaliyang'ana chammbali mumaona madzi akuwala. Pamenepo mukhoza kuwonjezera mtundu, udzafalikira mofewa. Kenako kunyezimirako kumazilala, pepala n'kuoneka ngati lauma pamene lisanaume. Mukagunditsapo burashi yonyowa nthawi imeneyo, madzi atsopanowo amakankha utoto n'kusiya chibanga chamanomano chimene sichichoka. Chotsani dzanja, dikirani. Gundani ndi kuseri kwa chala: likazizira, likadali ndi madzi. Mu Okutobala ku Nsanje kapena ku Salima kanthawi kameneka kamafika m'kuphethira kwa diso, ndiye jambulani m'mamawa, pa mthunzi. Mu Juni, chiperoni chikakuta Blantyre ndi Thyolo, mudzadikira mpaka kutopa, ndipo ndi bwino kukhala ndi zithunzi ziwiri zosinthanasinthana.

Asakunamizeni munthu kuti nyengo yathu siilola luso limeneli. Thomas Baines, amene anatsagana ndi David Livingstone pa ulendo wa pa Zambezi mu 1858, anajambula ndi utoto wa madzi m'kutentha kwa ku Tete, ndipo zithunzi zake zambiri zikusungidwabe ku London. Bambo Claude Boucher Chisale, amene anayambitsa malo a za chikhalidwe ndi luso a Kungoni ku Mua mu 1976, anagwiritsa ntchito utoto womwewu pojambula zilombo zambiri za gule wamkulu mwatsatanetsatane, nthenga ndi nsanza zomwe. Zojambula zili ponseponse pamene tikukhalapa: mkoko wa nthochi, ndowa pa chitsime, chitenje pa chingwe, mitambo ya mvula ikusonkhana kuseri kwa Mulanje.

Chithunzi chikatha chimafunabe chisamaliro, chifukwa utomoni uja sunasiye khalidwe lake. Dontho limodzi lodontha kudenga likhoza kufafaniza ntchito ya sabata yathunthu. Chosungidwa chigone pakati pa mapepala oyera. Nyuzipepala siyenera kukutira chithunzi, pakuti inki yake imadetsa ndipo pepala lake limasiya chikasu. Chopachika chikhale m'felemu ya galasi, koma pakati pa galasi ndi chithunzi pakhale katoni wodulidwa pakati kuti ziwirizi zisakhudzane, apo ayi chinyezi chidzamata utoto ku galasi. Posankha khoma, pewani loyang'anizana ndi windo, pewaninso la kukhitchini kumene kumafika utsi.