UNYOLO PA TAYALA

Anzanga, ndikulemba nkhaniyi ndili wokwiya, ndipo sindipepesa.

Pa tchuthi chapitachi ndidaperekeza amalume kukagula usipa pa doko lina kwathu ku Nkhotakota. Tidaimika kagalimoto kathu pansi pa mtengo wa mango, pamalo opanda mpanda ngakhale chikwangwani. Pobwerako ndi madengu a nsomba, tidapeza tayala lakutsogolo litamangidwa ndi unyolo, loko ali lende. Anyamata aŵiri adati malowo ndi a bwana wawo, ndipo kuti amasule tilipire K20,000. Amalume atafunsa za lisiti, anyamata aja adangoseka. Dzuŵa lidali litakwera, ndipo nsomba yaiŵisi siidikira mlandu. Amalume adalipira, phindu la ulendo wonse nkuthera pomwepo.

Ena adzati mwini malo ali ndi ufulu pa malo ake. Sindikukana. Koma kodi ndi bwalo liti limene wodandaula ndi yemweyo woweruza, yemweyonso wogwira katundu ndi wolandira chindapusa? Ngakhale kwa nyakwaŵa woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata wolankhula. Pa doko paja adalankhula ndi loko yekha.

Maiko ena adaliwona kale vutoli. Ku Scotland, mu 1992, khoti lidagamula pa mlandu wa Black ndi Carmichael kuti kumanga tayala la munthu pamalo a eni nkumufuna ndalama ndi kulanda ndiponso kuba. Ku England ndi Wales adaletsa mchitidwewu kuyambira pa 1 Okutobala 2012. Kumeneko mwini malo angathe kulipiritsa, koma sangamange galimoto ya mnzake.

Kuno lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera. Aigwiritse ntchito. Wofuna kulipiritsa pamalo ake ayambe walembetsa, aike chikwangwani cholembedwa mtengo m'Chicheŵa, apereke lisiti. Wokana kulipira akamusumire. Kugwira galimoto kukhale kwa boma lokha, kumene munthu angakadandaule.

Ife a ku Nkhotakota mbiri ya unyolo timaidziŵa kuyambira masiku a Jumbe, ndipo sitifuna kuuwonanso m'manja mwa aliyense wodzimva mphamvu. Inu amene mulibe galimoto musati sizikukukhudzani: K20,000 ija amalume adzaibweza pa mtengo wa usipa umene mudzagule pa msika. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.