Musanamukwapule, muyezeni: dandaulo la makolo a kwa Nsamala

Ife amene tikulemba dandauloli ndife amayi, abambo, agogo ndi atsibweni a m'midzi ya kwa Mfumu Yaikulu Nsamala, m'boma la Balaka. Tikulembera inu aphunzitsi, inu a zaumoyo, inu mafumu athu, ndi inu atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Chatisonkhanitsa n'chimodzi. M'nyumba mwathu muli ana amene mudzi wonse unawaweruza kale kuti ndi amwano, chikhalirecho palibe amene anakhalapo nawo pansi n'kuwayeza kuti aone chimene chikuwavuta.

Mayina amene ana athu amaitanidwa nawo mukuwadziwa, poti ena mwa inu ndi amene munawapatsa: nkhutukumve, wopulupudza, chitsiru, mutu wouma. Nafenso tili ndi athu. Mayi amatchedwa wosasatitsa mwana. Agogo akuti akulera udyo. Bambo akangogula njinga kapena kufolera nyumba ndi malata, manong'onong'o amayamba kuti anakhwimira mwana wake yemwe. Pachitsime, pachigayo ndi pamaliro timauzidwa kuti kuongola mtengo m'poyamba, ngati kuti ife tinagona pamene anzathu ankaongola yawo. Komatu m'nyumba zomwezo muli ana ena, obadwa mimba imodzi, odya mbale imodzi, olangizidwa ndi pakamwa pomwepo, ndipo ndi aulemu. Chinalakwika n'chiyani pa mmodzi yekhayu?

Tiloleni tikuuzeni mmene mwana wotere amakhalira, chifukwa inu mumamuona maola ochepa, ife timagona naye. Mukamutuma mchere kwa anansi, amanyamuka ndi liwiro, wokondwa kuti watumidwa. Pakapita nthawi yaitali mumakamupeza ali pansi pa mlambe akutsata nyerere, kambale kali m'manja, mchere waiwala. Mukamufunsa, amadzidzimuka ndipo manyazi ake ndi enieni. Pamkeka sakhala mpaka nsima ithe. Kope limasowa, cholembera chimasowa, ngakhale nsapato imodzi imatsala kusukulu. Amayankha funso lisanathe, amalowerera akulu akulankhula, amadumphira mumsewu wakabaza ali pafupi. Zipsera za m'maondo ndi m'mutu mwake sizitha. Usiku tulo timamuvuta, ndipo mayi ake amagona mochedwa kuposa aliyense m'mudzi.

Mwana wamwano timamudziwa, ndipo sitikumuikira kumbuyo. Wamwano amasankha. Amayang'ana kaye ngati pali wamkulu. Pamaso pa atsibweni aukali amakhala phee, akafika kwa agogo ofatsa ndiye amaonetsa makani. Akalakwa amabisa, amanama mwaluso, amakankhira mnzake. Akaona kuti chilango n'chowawa, amawerengera n'kusiya, kapena amasintha njira. Wathuyu sasankha malo ndipo sasankha munthu. Ndi yemweyo kunyumba, m'kalasi, kutchalitchi, kumadrasa, ngakhale pabwalo pamaso pa mfumu. Amalakwa poyera, aliyense akuona, popanda chimene wapindula. Akakwapulidwa amalira, amalonjeza ndi mtima wonse kuti sabwerezanso, ndipo misozi isanaume wabwereza kale. Woyambayo safuna kumvera. Wachiwiriyu akufuna, koma akulephera kudzigwira. Kusiyana kumeneku ndi kumene tikupempha kuti muzikuona.

Mumatitsutsa ndi mfundo imodzi kawirikawiri. Mumati, nanga bwanji kukanema amakhala chete mpaka filimu ithe, ndipo popanga galimoto yamawaya satopa? Ifenso zinkatizunguza. Odziwa za vutoli amafotokoza kuti ana otere amagwidwa mtima kwambiri ndi chinthu chosangalatsa, chosinthasintha, chopereka mphotho pompopompo. Chimene chimawakanika ndi kusunga maganizo pa ntchito yaitali yosakoma, monga kukopera za pabolodi kapena kudikira pamzere. Kukhala chete kukanema si umboni woti kusukulu amachita dala.

Vutoli madokotala amalidziwa ndipo amalitcha ADHD. Silinayambe lero. M'chaka cha 1902, dokotala wa ana wa ku London, George Still, anafotokoza za ana anzeru bwinobwino amene ankalephera kudziletsa, ndipo ngakhale iye ankaliona ngati vuto la khalidwe. Kuchokera nthawi imeneyo kafukufuku wasonyeza kuti gwero lake lili m'kakulidwe ka ubongo, ndiponso kuti limayenda kwambiri m'magazi. Enafe tikamuyang'ana mwanayo timakumbukira mchimwene wathu amene anasiyira sukulu panjira, kapena bambo ake omwe. Ana obadwa masiku asanakwane ndi obadwa ochepa thupi ali pachiopsezo chokulirapo. Padziko lonse, pafupifupi ana 5 mwa 100 aliwonse ali nalo. Werengani ana a m'kalasi imodzi ya Sitandade 1 kuno kwathu, muone kuti angakhalemo angati.

Madokotala satchula dzinali mwachisawawa. Amafuna kuti zizindikiro zikhale zitatha miyezi 6 kapena kuposa, zikhale zinayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zizioneka m'malo awiri kapena oposa, ndiponso zikhale zikumuonongeradi sukulu kapena ubale ndi anzake. Mwana amene wayamba kuvuta mwezi watha, kapena amene amavuta kwa mphunzitsi mmodzi yekha, nkhani yake ndi ina.

Pali chinanso chimene chimatikhudza ife a m'dera la malungo. Ena mwa ana athu anali ofatsa mpaka tsiku limene anakomoka ndi malungo aakulu. Anachira, tinathokoza Mulungu, koma anabwera kunyumba ali ena. Tikanena zimenezi anthu amati tikufuna pothawira. Komatu kafukufuku amene anachitikira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, n'kufalitsidwa mu 2010 ndi madokotala kuphatikizapo Gretchen Birbeck, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, anatsatira ana amene anapulumuka malungo a mu ubongo ndipo anapeza kuti ena anayamba khunyu, ena anayamba kuvuta m'khalidwe. Zinapezeka kuno ku Malawi, mwa ana onga athuwa. Mwana amene anapulumuka imfa lero akugwada padzuwa chifukwa cha chipsera chimene malungo anamusiyira m'mutu.

Tisaiwale atsikana. Ambiri a iwo sathamangathamanga. Amakhala kumbuyo kwa kalasi ali duu, maso pawindo, maganizo ali kutali. Sasokoneza munthu, choncho palibe amene amaitanitsa kholo. Amangolembedwa kuti ndi aulesi kapena ogona m'mutu, amabwereza kalasi kawiri katatu, kenako wina amati bola akwatiwe.

Sitikunena kuti mwana aliyense wosakhazikika ali ndi ADHD, ndipo ife sindife madokotala kuti tizigawa dzinali m'midzi. Mwana wanjala samva za m'kalasi, ndipo njala ife a ku Balaka timaidziwa. M'chaka cha 2024, chilala chitapsereza chimanga ndipo boma litalengeza za ngozi m'maboma 23, ana ambiri ankawodzera ndi kukwiya msanga. Mwana wa khutu lotuluka mafinya amaoneka ngati akunyozera pamene sanamve. Wa maso ofooka amasiya kuyang'ana pabolodi. Pali khunyu lina losagwetsa munthu, longomuzimitsa kwa kamphindi ali maso tong'o. Mwana amene mayi ake amwalira, amene bambo ake anapita ku Joni osabweranso, kapena amene akuchitidwa nkhanza mobisa, amasinthanso khalidwe. Zonsezi kunja zimafanana. Mankhwala ake ndi osiyana, ndipo kuti muzisiyanitse pafunika munthu wophunzira amene ali ndi nthawi yofunsa ndi kumvetsera. Dandaulo lathu lagona pamenepa. Munthu ameneyo sitikumupeza, koma chikwapu chimapezeka tsiku lililonse.

Tikapita kuchipatala chaching'ono, timaima pamzere kuyambira m'mamawa. Mwana amabayidwa chala, malungo sapezeka, thupi silikutentha. Timauzidwa kuti mwanayu ali bwinobwino, ndi ubwana chabe, akakula asiya. Sitiwada a chipatalawo, chifukwa kumbuyo kwathu kumakhala mzere wa odwala okomoka. Koma timabwerera opanda yankho. Wina akatitchulira Zomba, kumene kuli chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, mtima umagwa kawiri. Choyamba ndi ndalama ya minibasi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, pamene thonje ndi nandolo timagulitsa kamodzi pachaka. Chachiwiri ndi pakamwa pa anthu. Mwana akangomveka kuti anapita ku Zomba, dzina lake latha, ndi wamisala mpaka kukula. Ndiye ambiri amatembenukira kumene kuli pafupi. Mbuzi zagulitsidwa, ana atemedwa mphini, ena asalitsidwa kudya kuti chiwanda chituluke, agogo osalakwa atchulidwa ufiti, mabanja apasuka. Mwana ali chimodzimodzi.

Kusukulu ndiye kumatipweteka koposa. Mwana amapita ndi chimwemwe m'Sitandade 1. Pofika Sitandade 3 wadziwa kutchetcha, kukolopa ndi kukumba dzenje la zinyalala kuposa kuwerenga, chifukwa nthawi imene anzake akuphunzira iye amakhala panja pa chilango. Akabwerera m'kalasi watsalira, ndipo chifukwa chotsalira amasowa chochita n'kuyambanso kusokoneza. Kakalata kamabwera kakuti abwere ndi kholo. Timasiya khasu, timapita, timaima mu ofesi ngati oimbidwa mlandu, timauzidwa kuti tikamulange. Chikwapu chikanakhala mankhwala a vutoli, bwenzi ana athu atachira kalekale, chifukwa palibe ana m'dera lino amene akwapulidwa kuposa iwo.

Mapeto ake timawaona ndi maso. Mwana amene wauzidwa zaka ndi zaka kuti ndi woipa amafika povomera. Amayamba kunama kuti apewe chikwapu, amayamba kujomba, amayamba kubwezera. Anzake abwino makolo awo anawaletsa kusewera naye, ndiye amalandiridwa ndi okhawo otayika. Pa zaka 13 wasiya sukulu, ali pa siteji kapena kokoka matumba a makala, ndipo chamba chili pafupi. Pamenepo mwano wafikadi, ndipo anthu amati tinanena ife. Madokotala amadziwa kuti mavuto awiriwa, ADHD ndi mwano, amatha kukhala mwa mwana mmodzi. Chimene ife tikuchitira umboni n'chakuti mwa ana athu ambiri mwanowo sanabadwe nawo. Unabwera pambuyo, titalephera tonse kuona vuto loyambalo.

Aphunzitsi, sitikukuonani ngati adani. Kuyambira 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, makalasi anadzaza, ndipo tikudziwa kuti munthu mmodzi pakati pa ana oposa 100, ena atakhala pansi, sangatsate mwana aliyense. Ambiri a inu simunaphunzitsidwe kuzindikira vutoli. Koma lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense ayenera kupita kusukulu ya pulayimale, ndipo mu 2017 dziko lino linakhazikitsa ndondomeko ya maphunziro osasiya mwana wina kunja. Mwana amene wakhala m'dzenje la zinyalala theka la tsiku ali m'kaundula, koma sakuphunzira.

Zina zimene tikupempha sizifuna ndalama. Mukhazikeni kutsogolo, pafupi ndi inu, kutali ndi windo ndi khomo. Muuzeni chinthu chimodzi, achite, kenako chinacho. Miyendo ikayamba kumuyabwa mutumeni akafufute bolodi kapena agawe makope, m'malo modikira kuti alakwe. Nthawi yopuma musamutsekere m'kalasi, poti kuthamangako ndi kumene kumamuthandiza kukhazikika. Akachita bwino, ngakhale pang'ono, muuzeni nthawi yomweyo. Ena mwa ife tinakumanapo ndi mphunzitsi mmodzi wochita zimenezi, ndipo chaka chimenecho mwana anakhoza.

Zina zikufuna inu akuluakulu. Ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu kumaphunzitsidwa aphunzitsi a ana ovutika kuphunzira. Tikupempha kuti otere azifika m'sukulu za kumidzi kuno, aziona ana, azilangiza aphunzitsi anzawo ndi ife makolo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi ndondomeko yotchedwa mhGAP, yophunzitsa ogwira ntchito m'zipatala zazing'ono kuzindikira mavuto a maganizo, kuphatikizapo a khalidwe la ana. Ndondomekoyo imaika patsogolo kuphunzitsa makolo ndi kugwirizana ndi sukulu. Mankhwala amabwera pambuyo, kwa ana a zaka 6 kupita m'tsogolo, ndipo pokhapokha katswiri atalamula. Sitikupempha mapiritsi ogonetsa ana. Tikupempha kuti m'chipatala cha pafupi mukhale munthu wodziwa kuyeza makutu, maso, khunyu ndi maganizo a mwana, ndiponso kuti alangizi a zaumoyo amene amatiyendera m'midzi adziwe koti atilozere. Amayi a mother group ndi a komiti ya sukulu, amene mumalondola ana ojomba, muzifunsanso chimene chawathawitsa.

Mafumu athu, nkhani ya mwana wotere ikafika pabwalo, kaya waswa windo kaya wamenya mnzake, tidzalipira chimene waononga, sitikukana. Koma letsani kutchula agogo ufiti ndi bambo kukhwima chifukwa cha iye. Abusa ndi mashehe, tipemphere limodzi, kenako mutiuze tipite naye kuchipatala.

Ana amenewa akukula, ndipo chaka chilichonse ena akusiya sukulu. Tikupempha kuti kuyambira teremu ikubwerayi, mwana aliyense wa kwa Nsamala amene wakhala akulangidwa mobwerezabwereza pa cholakwa chomwechomwecho, ayezedwe kaye asanalangidwenso, ndipo kholo lake liitanidwe kudzamva zotsatira zake.