Makina Onjenjemera ndi Mafupa a Azimai Acikulire

Mzimai akaleka kupita kumwezi, kawiri-kawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, m'thupi mwake mumacepa cinthu cochedwa estrogen, cimene cimasunga mafupa kuti asafumbwe. Kucokera pamenepo mafupa amayamba kupepuka mwakacetecete, popanda ululu, ndipo amafooka msanga koposa m'zaka zoyamba. Nthenda imeneyi madokotala amaicha osteoporosis. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limawerengera kuti padziko lonse mzimai mmodzi mwa atatu alionse opitirira zaka 50 adzathyoka fupa cifukwa ca nthendayi. Malo amene amathyoka kwambiri ndi ciuno, msana ndi pamfundo ya dzanja.

Kumidzi nkhaniyi ndi yolemera, pakuti mbuya amene athyoka ciuno ndiye amalima munda, kutunga madzi ndi kulera adzukulu. Iye akagona pamphasa miyezi yambiri, banja lonse limagona ndi njala.

Masiku ano kuli makina amene amalonda akuwatama kuti amalimbitsa mafupa. Munthu amaimirira pathabwa limene magetsi amalinjenjemeretsa, ndipo kunjenjemerako kumakwera m'miyendo kufika m'ciuno. Maganizo ake si acabe ai, cifukwa fupa ndi cinthu camoyo cimene cimalimba cikamasenza katundu. M'caka ca 2001, Clinton Rubin ndi anzake ku America anaonetsa kuti nkhosa zimene zinaimikidwa pamakina otere mphindi 20 patsiku kwa caka cathunthu zinalimba fupa lam'kati mwa nchafu ndi magawo 34 pa 100 alionse.

Koma kwa anthu zotsatira zake zakhala zosiyana-siyana. Ku Leuven m'dziko la Belgium, m'caka ca 2004, fupa la m'ciuno la azimai linalimbako ndi gawo limodzi lokha pa 100 patapita miyezi 6. Ku Toronto m'dziko la Canada, m'caka ca 2011, azimai 202 anayesedwa kwa miyezi 12, ndipo mafupa a amene anakwera makinawo sanasiyane ndi a anzao amene sanakwere. Ku Hong Kong, m'caka ca 2014, mwa azimai okalamba 710 amene anawapenyerera miyezi 18, okwera makinawo anali kugwa mwa apo ndi apo poyerekeza ndi enawo. Cimene cikuoneka tsono ndi cakuti makinawa angathandize miyendo kukhala yamphamvu ndi munthu kuima cilili, koma sali mankhwala ociritsa mafupa ofumbwa. Ndiponso munthu amene anathyoka fupa posacedwa, kapena amene anamuika kacipangizo kothandiza mtima, sayenera kuwakwera asanafunse dokotala.

Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana ogwira nchito m'tauni amene afuna kuthandiza amai ao aganize bwino asanataye ndalama pa makina ofuna magetsi. Ndalama zomwezo zingagule cakudya cimene mafupa amafunadi. Kapenta, amene amadyedwa ndi minga yake yomwe, ali ndi kashiamu wambiri, ndiye mwala womangira fupa. Mkaka, maere ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe nazo zili naye. Dzuwa limathandiza khungu kupanga vitamini D, amene amalowetsa kashiamuyo m'thupi. Kuyenda pansi, kulima, kusinja ndi kuvina cimtali zimapatsa mafupa nchito imene amafuna, ngakhale kuti mai amene msana wayamba kupindika sayenera kusenzanso mtolo wolemera wa nkhuni. Fodya ndi kacasu zimafooketsa mafupa.

Odwala amene amamwa prednisolone nthawi yaitali, kapena ma ARV okhala ndi tenofovir, adziwe kuti mankhwalawa angapepuzeko mafupa. Asaleke kumwa ai, koma akambirane ndi acipatala. Mai amene wafupika msinkhu, amene msana ukumupweteka kosalekeza, kapena amene wathyoka dzanja atangoterereka pakhomo, aperekezedwe kucipatala msanga. Kupindika msana kwa nkhalamba ndi matenda, ndipo ndi cinthu camanyazi kuti mbuya wowerama alozedwe cala kuti ndi mfiti m'malo mopatsidwa cithandizo.

Popeza fupa limafika pacimake ca kulimba kwake munthu akamayandikira zaka 30, nchito yoteteza mbuya wa mawa iyambe pa mbale ya mtsikana wa lero. Unduna wa Zaumoyo ungacite bwino kulangiza anamwino a m'zipatala zakumidzi kuti azikamba za mafupa monga amakambira za BP ndi shuga. Mafumu ndi alangizi nawo afalitse mau amenewa pamisonkhano, ndipo mabanja asalaze maenje a pabwalo, aumitse pabafa poterera, ndi kupatsa okalamba ndodo ndi nyali yoyendera usiku.