Bellingham sanangodzuka n'kukwera ndege

Kuno ku Mlangeni mawu akuti "kunja" satiopsa. Ukangodumpha msewu wa M1 wafika kale ku Mozambique, ndipo ngakhale mbuzi zathu zimapita kunja m'mawa n'kubwerako madzulo popanda pasipoti. Koma anyamata athu akamati akufuna kukasewera mpira kunja sanena tsidya la msewu ayi. Amanena kumene kuli Jude Bellingham, mnyamata wa ku Mangalande amene malaya ake oyera a nambala 5 adzaza m'milu ya kaunjika kuyambira ku Lizulu mpaka pa boma la Ntcheu.

Ine sindikudana ndi malotowo. Chimene chikundivuta n'chakuti ana athu, pamodzi ndi ife makolo awo, tikuonerera mathero a nkhani osafunsa chiyambi chake. Timamuona Bellingham akutambasula manja atagoletsa ku Real Madrid, basi n'kuganiza kuti zinangochitika ngati kutola ndalama panjira.

Tiyeni tiyambe kumene iye anayambira. Jude anabadwa pa 29 June 2003 m'tauni ya Stourbridge. Bambo ake, a Mark Bellingham, anali wapolisi, ndipo ntchito ikatha ankamenya mpira m'matimu ang'onoang'ono momwe anagoletsa zigoli zoposa 700. Inu a pa sukulu ya apolisi pano pa Mlangeni mwamva? Mwanayo analowa m'timu ya ana ya Birmingham City asanakwane zaka 10, ndipo dzina lake, tsiku lobadwa ndi masewero ake onse zinkalembedwa chaka ndi chaka. Mu August 2019 anasewera koyamba m'timu yaikulu ali ndi zaka 16 ndi masiku 38. Chaka chimenecho anamenya masewero 44 m'timu ya ligi yachiwiri, kulimbana ndi madoda a ndevu zawo.

Apa ndiye pagona nkhani. Mu 2020 matimu akuluakulu ankamufuna, kuphatikizapo Manchester United imene theka la Mlangeni limaikonda ngati chipembedzo. Mnyamata wa zaka 17 anakana kutsala kwawo, napita ku Borussia Dortmund ku Germany pa mtengo umene manyuzipepala anati unali pafupifupi mapaundi 25 miliyoni. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Dortmund inali itadziwika kuti mwana waluso imamuika m'bwalo, osati pa benchi. Iye anasankha timu imene akasewere, osati imene ili ndi dzina lokoma m'makutu. Ndipo sanapite yekha: mayi ake, a Denise, anasamuka naye kukakhala ku Germany. M'zaka zitatu anasewera masewero 132, ndipo pamene Real Madrid inkamugula mu June 2023 pa mayuro 103 miliyoni, inkagula munthu woyesedwa kale pa moto. Chaka chake choyamba ku Spain anagoletsa zigoli 19 mu ligi, natenga ligiyo pamodzi ndi chikho cha Champions League.

Wina anganene kuti chinsinsi ndiye Dortmund. Ayi ndithu. Njira imeneyi anailambula ndi Jadon Sancho, amene anachoka ku Manchester City mu 2017 ali ndi zaka 17, nakawala koopsa ku Dortmund komweko. Mu 2021 Manchester United inamugula pa mapaundi 73 miliyoni, ndipo kuwala kuja kunayamba kuzirala. Anasemphana mawu ndi mphunzitsi, nakhala miyezi osasewera, mpaka anabwerekedwanso ku Dortmund. Pa 1 June 2024 awiriwa anakumana pa Wembley m'masewero omaliza a Champions League, Madrid n'kupambana 2-0. Luso onse anali nalo. Chikomekome cha mkuyu, anatero akale, m'kati muli nyerere, ndipo timu ya dzina lalikulu nthawi zina imakhala mkuyu womwewo.

Tsono pali lamulo limene anyamata athu ambiri salidziwa, ndipo atambwali odzitcha ma agent safuna kuti alidziwe. Malamulo a FIFA salola kuti wosewera wosakwana zaka 18 asamuke kuchoka dziko lina kupita ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa. Chimodzi mwa izo n'chakuti m'maiko a mgwirizano wa European Union mwana atha kusamuka kuyambira zaka 16. Sancho ndi Bellingham anadutsira pa khomo limenelo, ndipo Bellingham anadutsa litatsala pang'ono kutsekedwa, chifukwa kumapeto kwa 2020 dziko la Britain linamaliza kutuluka m'mgwirizanowo. Mwana wa ku Ntcheu khomo limenelo alibe. Choncho munthu akabwera pakhomo panu atavala suti, n'kunena kuti mugulitse ng'ombe kapena matumba a kachewere kuti atengere mwana wanu wa zaka 15 ku timu ya ku Ulaya, dziwani kuti mukulankhula ndi wakuba. Timu yeniyeni imalemba kalata ya dzina lake, ndipo siuza kholo kuti ligulitse munda.

Lamulo lachiwiri ndi limene limandipweteka mtima kwambiri. Wosewera akagulidwa ndi timu ya dziko lina, ndalama 5 pa 100 iliyonse ya mtengo wake zimagawidwa kwa matimu onse amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Powerengera lamulo limeneli, pa mayuro 103 miliyoni aja Birmingham City inali ndi gawo la mayuro oposa 1.5 miliyoni, patatha zaka zitatu mwanayo atachoka. Kuyambira mu 2022 FIFA inakhazikitsanso ofesi yapadera yoona kuti ndalama zotere zikufika kwa eni ake. Koma ofesiyo siyendera mbiri ya pakamwa. Imayendera zolembedwa. Ngati mwana sanalembetsedwe m'kaundula wa bungwe la mpira la dziko lake, ndiye kuti pamaso pa FIFA sanaleredwe ndi aliyense, anangomera ngati bowa.

Nanga ife kuno timatani? Mphunzitsi wa pulayimale amasonkha ndalama zake kugula mpira. Wamalonda wina amagula yunifomu. Mwana amasewera zaka zisanu pa bwalo lafumbi la mapale ake ansungwi, kenaka timu ya m'tauni imamutenga posinthanitsa ndi mipira iwiri ndi zakumwa. Palibe pepala lililonse. Mawa lake akagulidwa ku South Africa, amene anamuphunzitsa kumenya mpira amangomvera pa wailesi n'kumauza anzake kuti "ameneyo ndi mwana wanga". Ulemu wa pakamwa sugula mpira wina.

Pamwamba pa izi taonjezapo matenda athu ochepetsa zaka. Mnyamata wa zaka 22 amasanduka wa 17 kuti alowe m'timu ya achisodzera, ndipo aliyense m'mudzi akudziwa chaka chimene anabadwa koma ali chete poti "akathandize kwawo". Amene akuphedwa ndi bodza limeneli ndi mwana weniweni wa zaka 16, amene malo ake atengedwa ndi mkulu wake. Bellingham akadabadwira kuno, pa zaka 16 bwenzi akumuuza kuti adikire akule, uku malo ake ali ndi bambo wa ana awiri.

Sikuti Amalawi sitidziwa njira yakunja. Ernest Mtawali anapita ku South Africa m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene dzikolo linali losalidwa pa masewero chifukwa cha tsankho, ndipo anasewera ku Bloemfontein Celtic ndi dzina lakuti Ernest Chirwali. Pambuyo pake anafika ku Argentina ndi ku Toulouse ku France. Tangoganizani akadanyamuka m'nyengo yabwino. Esau Kanyenda anachoka ku Jomo Cosmos kupita ku Rostov ku Russia mu 2003, napirira chisanu chimene cha ku Tsangano sichingafikepo. Gabadinho Mhango anagoletsa zigoli 16 ku Orlando Pirates mu 2019/20, kukhala mmodzi mwa awiri otsogola m'ligi yonse, koma pamene ankamwetsa Morocco chigoli cha kutali chija mu January 2022, ku timu yake anali atayamba kale kuzolowera benchi. Ndipo enanso, monga John Banda, anapeza ntchito ya mpira ku Songo m'chigawo cha Tete, tsidya lomweli limene timalipeputsa.

Koma ngati mukufuna Bellingham wathu weniweni, musamufune pakati pa amuna. Tabitha Chawinga anachoka ku DD Sunshine mu 2014 ali ndi zaka 18, napita ku katimu kosadziwika ka ligi yapansi ku Sweden. Sanayambire pamwamba. Anakwera kupita ku Kvarnsveden, ndipo mu 2017 anatsogola pogoletsa m'ligi yaikulu ya dzikolo ngakhale timu yake inatuluka m'ligimo. Anadutsa ku China, nakatsogolanso pa zigoli ku Italy ndi Inter Milan mu 2023, ku France ndi Paris Saint-Germain mu 2024, kenaka Lyon n'kumutenga. Mng'ono wake Temwa anayenda m'mapazi omwewo, Sweden kenaka China, ndipo mu 2024 anagoletsa zigoli 20 m'ligi ya ku America ndi Kansas City Current, nasankhidwa wosewera wopambana onse. Atsikana a ku Rumphi amenewa anachita chimene Bellingham anachita: kupita kumene akasewere, kukwera makwerero limodzilimodzi, wamkulu n'kugwira dzanja wamng'ono. Ngakhale Jobe, mng'ono wake wa Jude, anatsatira mkulu wake ku Dortmund mu 2025. Komabe makolo angati kuno amalola mwana wamkazi kupita ku bwalo m'malo mopita kudimba?

Alipo ena amene amati ana athu asamapite kunja kuti ligi yathu ilimbe. Ine ndikukana. Moyo wa mpira ndi waufupi, bondo limodzi likaphuka zonse zatha, ndipo sitingauze mwana wa eni ake kuti afere pano chifukwa ife tikufuna chosangalatsa Loweruka masana. Apite ndithu. Funso langa ndi lakuti apita bwanji, ali ndi zaka zingati zenizeni, watsagana naye ndani, ndipo akusiya chiyani kumudzi.

Zina mwa izi sizifuna ndalama za boma. Akuluakulu a bungwe la FAM ndi makomiti ake a m'maboma atsike m'magalimoto, afike ku Mlangeni, ku Biriwiri ndi ku Kasinje, alembetse timu iliyonse ya ana ndi mwana aliyense wa zaka 12, ndipo afotokozere eni matimu m'Chichewa chomveka kuti kulembetsako kuli ndi phindu lanji. Inu makolo, katengeni chikalata cha kubadwa kwa mwana akadali wakhanda, ndipo musalole munthu aliyense kusinthapo chaka. Inu aphunzitsi amene mumasonkha ndalama za mpira, gulaninso kope la masamba ambiri, mulembemo dzina la mwana, tsiku lobadwa ndi tsiku limene anayamba kusewera m'timu yanu, kenaka mupite nalo kwa a komiti ya mpira pa boma kuti akadindepo.