Zaka zoposa 50 ali pa ntchito, nanga penshoni yao ili kuti?

Kwathu ku Dedza kuli banja lina limene ndikufuna atsogoleri athu akalione asanayambenso kutiuza za chitukuko. Maina ao sinditchula, chifukwa mudzi ulionse m'Malawi muno uli ndi banja lotere. Bambo ndi mayi amenewa anakwatirana m'chaka cha 1969 ndipo mpaka lero ali limodzi. Bambo akutsokomola usiku wonse, mayi msana unapindika, koma mvula ikagwa onse awiri amatengabe makasu. Funso langa ndi lakuti: kodi anthu amenewa adzapuma liti?

Tiyeni tiyambire poyambira. Atangokhala m'banja zaka ziwiri, bambo analembetsa Wenela. Sanapite chifukwa chokonda Joni ayi. Pakhomo pamafunika ndalama ya msonkho, ya mchere ndi ya nsalu, ndipo ntchito kuno kunalibe. M'masiku amenewo Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Gawo lina la malipiro ao linkasungidwa kuti adzalandirire kuno kumudzi, ndipo boma linkapeza ndalama zakunja kudzera mu thukuta lao. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu April 1974, n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Banda analetsa ulendo wa kumigodi. Bambo anabwera ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi makina osokera. Anabweranso ndi fumbi la mgodi m'chifuwa, koma limenelo silinaoneke pa tsiku la chikondwerero.

Anthu akamakamba za nthawi imeneyo amangotamanda amuna amene anapita. Nanga amene anatsala? Mayi analima yekha munda wa chimanga ndi mtedza, mwana ali kumbuyo. Anakonola, anatunga madzi, anafolera nkhokwe, anadwazika apongozi ake. Mtedza anakagulitsa ku Admarc pa mtengo umene boma lokha linakhazikitsa, wopanda kunenerera. Pobwera kumsika amayenera kuonetsa khadi la chipani kwa anyamata a Youth League. Kamuzu akamabwera kudzayendera mbewu, mayi amasiya khasu n'kukwera lole kukavina, pakuti mbumba sinkakana. Masiku onsewo palibe anamulembera m'kaundula wa ntchito.

M'zaka za m'ma 1980 banjali linasamukira ku esiteti ina ya fodya ku Kasungu ngati matenanti. Muzikumbukira kuti nthawi imeneyo lamulo silinkalola mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale pa munda wake. Fodya wa ndalamayo anali wa eni maesiteti, amene ambiri anali akuluakulu a boma ndi a chipani. M'buku la esiteti munalembedwa dzina la bambo yekha, koma kuthirira nazale, kuokera, kuthyola ndi kusoka fodya amagwira onse, ndi ana omwe. Pakutha pa chaka kapitawo amachotsera chimanga, feteleza ndi makasu zimene anakongola, ndipo chotsala sichinkakwana ngakhale fizi ya ana awiri. Kuti mwana wao wamkulu afike Sitandade 8, mayi anachita kuphika mowa wa masese ndi kukazinga zitumbuwa, bambo akusoka zigamba pakhonde ndi makina aja. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la nyumba iyi analisenza awiri.

Pa 14 June 1993 onse awiri anadzuka kusanache kukaima pa mzere wa riferendamu. Anasankha nyali, n'kusiya tambala wakuda. Pa 17 May 1994 anaponyanso voti. Tisanamizane, zina zinasinthadi. Makadi okakamiza anatha, kuvina kokakamiza kunatha, sukulu ya pulayimale inakhala yaulere m'chaka chomwecho, ndipo munthu anayamba kudandaula poyera wopanda kucheuka. Zimenezi si zazing'ono, ndipo amene amati nthawi ya chipani chimodzi inali yabwino akafunse kaye mayi ameneyu.

Koma pamene amati apumeko, kunagwa Edzi. Ana ao awiri, amene amayembekeza kuti adzawasunga, anawaika m'manda mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kugawidwa mwaulere m'chaka cha 2004. Anawasiyira adzukulu asanu. Pa njala ya 2002 anagulitsa mbuzi zonse ndi makina osokera aja kuti agule madeya. Kenaka bambo anakakhala mlonda ku Lilongwe, kulondera chuma cha ena ndi chibonga m'manja, mayi akulera ana kachiwiri kumudzi. Ntchito imene ikanagwa m'manja mwa boma, yosunga ana amasiye, anaigwira iwo wopanda kulandirapo tambala.

Tsono tawerengani. Mgodi, munda, esiteti, ulonda, kulera mibadwo iwiri. Kodi alipo nduna kapena phungu amene anagwirira dziko lino ntchito yoposa pamenepa? Komatu mtsogoleri wa dziko akapuma, lamulo limampatsa penshoni, nyumba, galimoto ndi omulondera. Wogwira ntchito m'boma akapuma ali ndi kake. Lamulo la penshoni la 2011 linakakamiza olemba anthu ntchito kuti aziwasungira ndalama, koma linathandiza okhawo amene ali ndi kalata ya ntchito ndi malipiro a pamwezi. Mlimi wa khasu, tenanti ndi mayi wa pakhomo, amene ndiwo ochuluka m'dziko muno, anatsala kunja.

Ena anena kuti pali Mtukula Pakhomo. Zoona, ndondomekoyi inayamba ku Mchinji m'chaka cha 2006 ndipo yapulumutsa ambiri. Koma inakonzedwa kuti ifikire mabanja ochepa okha, osaukitsitsa pa mudzi. Nkhalamba imene ili ndi malata akale a ku Joni pa denga imaoneka ngati yopezako, ndiye dzina lake limadumphidwa. Komanso thandizo lodalira kuti wina akulembe dzina limasandutsa munthu wamkulu kukhala wopempha pa khomo la mfumu.

Ena anena za ndalama za Teba. Ha! Kuyambira pa kampeni ya 1994 andale akhala akulonjeza ndalama zimenezi, ndipo bambo wathuyu wakwera njinga kangapo kupita kwa DC ndi mapepala ake okutidwa m'pulasitiki. Ku South Africa khoti linavomereza m'chaka cha 2019 kuti makampani a migodi ya golide apereke chipukutamisozi cha ma rand 5 biliyoni kwa amene anadwala chifuwa chachikulu ndi matenda a fumbi, kudzera m'bungwe la Tshiamiso Trust. Boma lathu liyenera kuthamangira nkhani imeneyi eni ake akadali moyo. Koma ngakhale ndalamayo itabwera, ndi ya amuna amene analowa mu mgodi atapezeka ndi matendawo. Thukuta la mayi uja silikuwerengedwamo.

N'chifukwa chake ine ndikuti dziko lino likhazikitse penshoni ya okalamba onse, mwamuna ndi mkazi aliyense payekha, malinga wakwanitsa zaka zoikika. Umboni ukhale chitupa cha unzika basi, osati khadi la chipani kapena chifundo cha munthu. Ikakhala ya aliyense payekha, mayi sadzasowa pogwira tsiku limene bambo adzatsikire kuli chete, achibale akadzayamba kuloza malata ndi njinga.

Musandiuze kuti ndife osauka. Dziko la Lesotho, limene amuna ake anali m'migodi yomweyo ndi bambo wathuyu, linayamba kupereka penshoni kwa okalamba a zaka 70 kupita m'tsogolo m'chaka cha 2004. Zanzibar anayamba m'chaka cha 2016. Kuno kwathu, kalembera wa 2018 anasonyeza kuti anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo sakwana asanu pa anthu 100 alionse. Ndalama zimene zinabedwa ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate m'chaka cha 2013 sizinasowe pochokera. Chimene chimasowa ndi mtima, osati thumba. Gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko lino limalamula boma kulemekeza ndi kuthandiza okalamba. Sitikupempha mphatso, tikukumbutsa ngongole.

Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Koma dambo nalonso limauma likapanda kulandira madzi. Inu aphungu amene mumafika pa mudzi nthawi ya kampeni ndi nsalu ndi mchere, bambo ndi mayi amenewa anakuvoterani pa chisankho chilichonse kuyambira 1994. Mukakalowa m'Nyumba ya Malamulo kukambirana za bajeti, katchuleni nkhani yao. Ndipo ife ovota, phungu akadzabwera kudzapempha voti, tidzamukhazike pa mkeka pafupi ndi agogo athu, n'kumufunsa pamaso pao kuti wawachitirapo chiyani.