Siwa Si Bwalo la Milandu

M'midzi ya m'chigwa cha Domasi, monganso m'madera ena a dziko lino, muli alaliki amene amasandutsa siwa kukhala bwalo la milandu. Munthu akamwalira ali wodulidwa mumpingo, kaya chifukwa cha kachasu kaya mitala, iwo amaimirira pakati pa anamfedwa ndi kulengeza kuti malemuwo akupsa kale ku Gehena. Ukawafunsa amati akuchenjeza otsala. Ine ndikuti mchitidwewu ndi nkhanza, komanso umaonetsa kusalidziwa Buku limene anyamula m'manjalo.

Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu m'chaka cha 1922, silitchula malo a akufa ndi dzina limodzi ayi. Muli manda, muli Hade, mulinso Gehena. Dzina lotsirizali linachokera ku chigwa cha Hinomu, kunja kwa Yerusalemu, kumene mafumu Ahazi ndi Manase anatentha ana awo monga nsembe, kufikira Yosiya anadetsa malowo kuti mwambowo uleke. Yesu ankatchula Gehena pochenjeza anthu amoyo, ophunzira ake ndi Afarisi omwe. Sitiwerenga paliponse kuti anaima pa mtembo ndi kuuza olira kuti mbale wawo watayika. Kumanda a Lazaro analira nawo. Ndipo wachifwamba uja wa pamtanda, amene akulu a mpingo uliwonse akadamudula, analandira lonjezo la Paradaiso moyo utatsala pang'ono kutha. Kodi mlaliki wathuyu analipo pamene malemuwo ankapuma mpweya wotsiriza?

Akhristu okhaokha sagwirizana pa nkhaniyi. Chivomerezo cha Westminster, chimene Mpingo wa ku Scotland unalandira mu 1647, chimaphunzitsa kuti mzimu umapita pomwepo kumwamba kapena kumoto. Akatolika amati kulinso purigatoriyo. A Seventh Day ndi a Mboni za Yehova amati akufa sadziwa kanthu, ndipo kuzunzika kosatha kulibe. Onsewa amawerenga Baibulo. Ngati zili chonchi pa chiphunzitso chenichenicho, munthu mmodzi amalimba bwanji mtima kutchula dzina la mnzake ndi kunena kumene wapita?

Chimene chimandiwawa koposa ndi nkhani ya makolo athu. Alexander Hetherwick anatsegula mishoni ya Domasi mu 1884. Chaka chimenecho chisanafike, Amang'anja ndi Ayao anabadwa, analima, anakwatirana ndi kufa m'tsinde mwa mapiri a Zomba ndi Malosa osamvapo dzina la Khristu. Sanali anthu opanda chipembedzo: ankathira nsembe ya ufa ndi kupempha mvula, ndipo Duff Macdonald, mmishonale wa ku Blantyre, analemba za mapemphero awo m'buku lake la Africana mu 1882. Kodi onsewo ali m'moto chifukwa chakuti Azungu anachedwa kukwera Shire? Paulo, polembera Aroma, anavomereza kuti amitundu opanda chilamulo ali ndi chikumbumtima chowachitira umboni. Nawo msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unanena mu 1964 kuti munthu wosadziwa Uthenga popanda kulakwa kwake, koma wofuna Mulungu moona mtima, angathe kupulumuka. Tsono kuno kwa Malemia, kumene banja limodzi limakhala ndi Asilamu ndi Akhristu, mawu otere amagawa anthu odyera mbale imodzi. Mwana wa sukulu amabwerera kumanda akukhulupirira kuti agogo ake amene anamulera akupsa, kungoti ankaswali ku mzikiti.

Mpingo uli ndi ufulu wolanga anthu ake, zimenezo sindikana. Ukafuna usaimbe nyimbo pa maliro a wodulidwa, ngakhale kuti chilango chotere chimagwera mkazi wamasiye ndi ana, pakuti wakufa samva. Za moto nazo zilalikidwe, guwa lilipo Lamulungu lililonse. Koma anthu ambiri amene amaweruzidwa pa siwa amakhala atadwala miyezi yathunthu, ali gone pamphasa, khomo lili lotsegula. Mlaliki amene akufuula lero sanapondepo pakhomopo.